Tiyi Amene Mam Pirot Anamwa ku Nyumba ya Malamulo

Nkhani iyi anandiuza ndi Sabir, wometa wa pa depoti ya mabasi opita kumapiri, tsiku lomwe basi inandisiya ine n'kukhala pa mpando wake mpaka madzulo. Ankati Mam Pirot (Mam ndi ulemu wa kumeneko, ngati kunena kuti amalume) ndi mlamu wake, ndipo mkwiyo ukamukwera ankagwedeza lumo pafupi ndi khutu langa.

Mam Pirot anali woyang'anira karezi ya mudzi wa Kani Hanar, ngalande ya pansi pa nthaka imene makolo anakumba kuchokera m'mimba mwa phiri. Zaka makumi anayi ankatsikira m'maenje ake pa chingwe kukachotsa matope ndi mizu, n'kumagawa madzi potsata maola, banja ili m'mawa, lina masana. Minda ya makangaza ya mudzi wonse inkamwa pamenepo. Kenako kumtunda kunabwera eni makola a nkhuku zamalonda, n'kuboola mijigo itatu yakuya yopopa ndi injini. Madzi amene ankamufika m'mawondo anatsika mpaka mu akakolo.

Tsiku lina wailesi inalengeza kuti nyumba ya malamulo ya chigawo ikukonza lamulo la madzi a pansi, ndipo komiti yake idzamva maganizo a anthu wamba bilu isanavoteredwe. Mudzi unasangalala. Boma lalikulu linali kutali, lolankhula chinenero china, koma awa anali aphungu akwawo, ana a m'mapiri momwemu. Anasankha Pirot kuti akawalankhulire. Aphunzitsi a m'mudzimo anamulembera masamba awiri, mfundo yake imodzi: mijigo yoyandikira karezi itsekedwe yonse, yakale ndi yatsopano yomwe.

"Mukawerenge pepalalo, osati kukacheza," anatero mkazi wake Khanzad akumukulunga lamba wansalu m'chiuno. "Ndimakudziwani inu. Munthu akangotchula dzina la bambo anu mumasungunuka ngati mafuta a nkhosa pamoto."

"Mayi iwe, ndikupita kwa anthu akuluakulu, osati kumsika."

"N'chifukwa chake ndikuopa. Kumsika ndiye mumakhwimako."

Pachipata cha nyumba ya malamulo anamulanda mpeni ndi chitini cha fodya, n'kumupachika khadi m'khosi ngati ng'ombe yopita kokabayitsa. Chipinda cha komiti chinali chozizira ngati mosungira maliro. Mipando ya aphungu inali khumi ndi umodzi, koma anthu ake anayi okha. Awiri anali pa foni. Mmodzi ankatafuna nthangala za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko mu dirowa. Kumbuyo, malo a anthu wamba, kunali amuna a masuti ofanana, ndipo kamera ya wailesi yakanema ikatembenukira kwina ankayamba kuyasamula.

Mlembi wa komiti, mayi wamagalasi, anaima n'kufotokoza dongosolo. "Aliyense mphindi zitatu. Zimene munene pa maikolofoni, kapena kundipatsa polemba, ndi zimene zilowe mu lipoti lopita kwa aphungu onse. Za pakhonde sitilemba."

Woyamba anali loya wa eni makola a nkhuku. Analankhula mphindi khumi ndi ziwiri popanda womuletsa, n'kupereka mpukutu wa mapepala kwa mlembi. Kenako anaitana dzina la Pirot, ndipo nthawi yomweyo wantchito anaika kagalasi ka tiyi patsogolo pake.

Pirot anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita akalowa m'nyumba ya wamkulu ndi pempho. Anakankhira tiyiyo pakati pa tebulo, n'kupinda manja, osamwa mpaka mwini nyumba atayankha.

Amasuti aja sanaonepo kanthu. Koma wapampando, Kak Dlawar (Kak ndi ngati kunena kuti achimwene), anali mwana wa mbusa wa nkhosa wa m'chigwa chotsatira, ndipo ngakhale khosi linali litakwirira kolala, chizindikirocho anachidziwa.

"Mam Pirot! Si inu mwana wa malemu Hama Rashid wa ku Kani Hanar? Bambo anga ankamwetsa nkhosa pa karezi yanuyo. Tiyi wanga mwamukaniranji?"

"Ndabwera ndi pempho, Kak Dlawar. Madzi athu akutha."

Phunguyo anaimirira, n'kudikira kuti kamera imupeze, kenako anaika dzanja pa diso monga amachitira kumeneko polonjeza. "Pempho lanu lili pa diso langa ili. Lamulo la madzi lidutsa, ndalumbira pa manda a bambo anga. Imwani, Mam, musandichititse manyazi pamaso pa anthu."

Dzanja la Pirot linali kale m'thumba, litagwira masamba awiri aja. Koma munthu walumbira pa manda a bambo ake, iwe n'kutulutsa pepala kuyamba kumuwerengera mfundo? Kumeneko n'kumunena kuti ndi wabodza pagulu, iye ndi mtundu wake wonse. Kukanakhala kumudzi, mabanja awiriwo sakanaikananso maliro.

Mlembi uja anawerama n'kulankhula chapansipansi. "Mam, mphindi zanu ziwiri zikadalipo. Muli ndi pepala? Ingondipatsani."

"Mwana wanga, nkhani yatha. Sunamve?"

Anakoka kagalasi kaja, n'kuika shuga wa mbulu pansi pa lilime, n'kumwa mpaka pansi. Amasuti anaomba m'manja. Wa mpendadzuwa uja naye anaomba, makoko ali pa mlomo.

Madzulo ake mudzi wonse unamuona pa kanema. Atabwerera kumudzi, amuna anabwera kudzamupsompsona pa phewa. Khanzad yekha, pochotsa zovala zoti achape, anapeza pepala lija m'thumba lili chipindire. Analiika pa mkeka pafupi ndi mbale ya mwamuna wake.

Lamulo linadutsadi. Aphunzitsi ndi amene anabwera ndi gazeti ya boma, pamodzi ndi lipoti la komiti, n'kuwerenga pabwalo la mzikiti Lachisanu atatha mapemphero. Za Pirot munali mzere umodzi: nthumwi ya alimi a Kani Hanar inathokoza komiti ndipo sinatsutse ndime iliyonse. Ndime yachisanu ndi chinayi inali mawu a loya uja, osasintha ngakhale kadontho. Inkati kuboola mijigo pafupi ndi karezi n'koletsedwa, koma lamulo liyamba kugwira ntchito pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mjigo uliwonse umene udzakhale utakumbidwa kale pofika tsikulo ndi wovomerezeka mpaka kalekale.

Sabata yomweyo malole a makina oboola anakwera phiri ali mumzere ngati operekeza mkwatibwi. Mijigo itatu ija inasanduka khumi ndi isanu ndi inayi. Chilimwe chili pakati Pirot anatsika pa chingwe m'dzenje lakumtunda kwenikweni, kumene madzi sanaphwepo chibadwire iye. Anaponda matope akuda onata, onunkha zitosi za nkhuku, nkhanu zitafa chagada.

Anapitanso kumzinda. Pachipata anamuuza kuti nthawi yomva anthu pa nkhani ya madzi inatsekedwa, akafuna alembe dandaulo, ofesi yake imatsegula Lachiwiri. Lachiwiri anapeza bwana wa ofesiyo ali ku semina. Ndiye anafunsira nyumba ya Kak Dlawar, n'kufika masana alendo ali pa chakudya. Phunguyo anali atakhala kumutu kwa nsalu yodyera, mafuta a nyama akuyenderera m'ndevu zapamlomo. Kudzanja lake lamanja, akunyema naye buledi mmodzi, kunali loya wa makola a nkhuku.

"Mam Pirot! Lowani, lowani, khalani apa. Mumupatse malo munthu wamkuluyu."

"Sindikhala. Munalumbira pa manda, Kak Dlawar."

"Ndinalumbira kuti lamulo lidutsa. Ladutsa kapena silinadutse?" Anayang'ana alendo ake, onse n'kuvomereza m'kamwa muli mpunga. "Ngati panali ndime yokuvutani, bwanji simunanene? Maikolofoni inali pakamwa panu, dziko lonse linaona. Ife timangolemba zimene anthu mwatiuza, Mam. Mukangokhala chete, tilote?"

Loya uja anaseka mpaka kutsamwa, wina n'kumumenya pamsana.

Chaka chimenecho makangaza anagwa ali aang'ono ngati mazira a njiwa. Chaka chotsatira anthu anayamba kudula mitengoyo nkhuni, ndipo mabanja oposa theka anasamukira kumzinda, ena kukagwira ntchito yosesa m'makola omwewo. Pirot ndi Khanzad akukhala kwa mwana wawo wamkazi, m'chipinda chapamwamba pa shopu ya matayala.

Sabir anati mlamu wakeyo sanatuluke m'nyumba ya phungu osabwezera. Akuti anasolola botolo m'lamba, lodzaza matope onunkha a m'karezi, n'kulikhuthulira pa thireyi ya mpunga ndi nyama, anthu n'kuthawa atagwira mphuno. Pofotokoza pamenepa Sabir anachita kusiya lumo kuti andionetse ndi manja onse.

Zina zonsezi ndikuzivomera, pakuti ku Kani Hanar ndinadutsako ndipo ndinaponya mwala m'dzenje limodzi, unagwera pouma. Koma za botolozi sindikuzikhulupirira. Pakhomo pa phungu pamakhala alonda ofufuza m'malamba, ndipo munthu amene analephera kutulutsa pepala poopa kuchititsa mnzake manyazi sindikuona akuipitsa chakudya m'nyumba ya eni. Ndikuganiza kuti anangovala nsapato zake n'kumapita, ndipo Sabir anawonjezera botololo chifukwa pomwe nkhaniyi inathera penipeni pamamuchititsa nseru.