Batani Loyamba la a Eneless

"Onse? Palibe ndi mmodzi yemwe anadandaula?"

"Onse."

"Ndiye ndionerere ndekha."

Anatero m'Chingerezi Dokotala Millicent, mkulu wa kafukufuku, nakokera mpando kumbuyo kwa Khumbo. Sanatchule zoti wanama — a kuno satchula, amangokoka mpando — koma Khumbo anauona msampha wonse, ndipo ukanakhala wa munthu wina akanauyamikira kukongola kwake: mayi ali kuseri kwa galasiyo akadina batani loyamba, akuti anawapangira, akadina lachisanu, akuti zotsatira za miyezi yonseyi anangopeka. Konse konse digiri yapita, viza nayo pambuyo ngati mwana wa mbuzi.

Chonsecho ntchito yake inali yosavuta kufotokoza. Ndege ikathamanga kuposa liwiro la mawu imakoka mkokomo wogwedeza mawindo, n'chifukwa chake siiloledwa kuthamanga chotero pamwamba pa mizinda. Akatswiri akusongola mphuno za ndegezo kuti mkokomowo ufewe, uzimveka ngati chitseko cha galimoto chotsekedwa kutali. Iye, kuno ku Salford, ku Mangalande, wake kunali kulowetsa anthu m'kachipinda ka masipika, kuwaombera mikokomo yosiyanasiyana, iwo n'kumadina, loyamba ngati sukuwasowetsa mtendere, lachisanu ngati sangaupirire. Ana a sukulu a kuno anabwera ochepa n'kuleka. Ndiye iye, mwini nzeru, anakalengeza kutchalitchi kwa Amalawi anzake.

Anabweradi, atatchena, azibambo m'mataye, amayi zitenje pansi pa majekete a chisanu, anamupatsa moni wogwira pamkono pakhomo la labu ngati afika pakhomo pake penipeni, ndipo aliyense anadina loyamba. Wofewa, loyamba. Woswa mawindo, loyamba. Mlendo angadandaule bwanji kwa mwini khomo, mwana wathu amene akupanga ndege?

Lero kuseri kwa galasiko kunali a Eneless, nesi wa kuchipatala, amene anamusunga m'nyumba mwawo chaka chimene anafika alibe ngakhale bulangete, atakhala mowongoka, chikwama pamiyendo, ngati akudikira ulaliki. Khumbo anaomba woyamba. Loyamba. Anakweza. Loyamba, ndi kamwetulira pamwamba.

Kamwetulira kameneko ndiko kanamukwiyitsa, kamwetulira ka anthu olavuliridwa ndi odwala n'kunena zikomo, otukwanidwa m'basi n'kusendera kuti wotukwanayo akhale bwino, anthu oti ndege itawagwera padenga angatuluke kukafunsa woyendetsa ngati wadya — komatu iwe, iwe Khumbo, suja unamwetulira pompano pamene mpando umakokedwa, suja unasendera, unatsala pang'ono kuupukuta? Anawauza, kawiri katatu anawauza, kuti chonde nenani zoona, iwo n'kuti tamva, ndipo anamvadi, anamva kuti mwana akuchita manyazi kupempha chithandizo. Kapena sunali ulemu ayi. Kapena anapangana panja pa tchalitchi, amene uja wayamba kuyankhula ngati Mzungu timuonetse — ayi, zimenezo n'zamisala, koma bwanji onse, bwanji osaphonya ngakhale mmodzi?

Anakwezanso, kudutsa mzere wofiira umene iye mwini anajambula. Galasi linanjenjemera. Mapewa a Eneless anadumpha, dzanja linathamangira pachifuwa, ndipo Khumbo anakumbukira mapiritsi a BP aja pawindo la kukhitchini kwawo, anawakumbukira bwinobwino, mtundu wa botolo lomwe, koma chala chake sichinachoke pamakinapo. Kuwani, mayi. Nditukwaneni. Menyani galasili ndi chikwama chanucho, kamodzi kokha m'moyo wanu nenani kuti zikupweteka.

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono, linadutsa lachisanu, linadutsa lachinayi, n'kuima m'malere. Maso awo anamufunafuna kudzera pagalasi, ofiira, onyowa, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo ndizo sakanatha kuwakhululukira. Kenako anaweramira pa maikolofoni, mawu awo a Chichewa n'kudzaza chipinda chonse.

"Khumbo, mwana wanga, usavutike. Ungondiuza, ndidine liti kuti ukhoze?"

Kumbuyo kwake mpando unalira. Mpweya wa Dokotala Millicent, wonunkhira khofi, unamufika pakhutu.

"Akuti chiyani?"