Makoswe Asanu a Nsato ya Yudha

Loweruka masana Yudha anafika pa njinga yake yamoto, tsitsi litasokonezeka ndi mphepo, ndipo Ningsih, amene ankamukonda mobisa, anatuluka kukamulandira. Mnyamatayu anali ndi nsato kunyumba, ndipo chakudya chake ankadzatenga kwa mchimwene wa Ningsih, amene ankaweta makoswe oyera kuseri kwa nyumba. Tsikuli mchimweneyo kunalibe.

"Dik Ningsih, asanu okha," anatero Yudha ali pa njinga pomwepo, pomutchula ngati mlongo wake wamng'ono. "Ukachita changu ndikutenga, tikamwe msuzi wa bakso, wa timibulu ta nyama uja, kumsika."

Miyezi itatu yathunthu Ningsih ankalota mawu amenewa. Anasankha makoswe asanu, kuwaika m'bokosi loonekera mkati pamodzi ndi utuchi wa m'khola mwawo kuti azimva fungo lakwawo, n'kutseka. Kenako anagwira kampopi ka thanki la mpweya wogonetsa. Mchimwene wake ankakatsegula pang'ono pokha, kuti tinyamato tigone n'kufa tisanadziwe kanthu. Ukatsegula kwambiri zimatha msanga, koma makoswe amalumphalumpha, kukanda makoma, akubanika.

"Tsegula konse, iwe. Apo ayi ndipatse amoyo, nsato ntchito yake imaidziwa."

"Amoyo amaluma, Mas," anayankha Ningsih, pomutchula mwaulemu ngati mchimwene wamkulu. "Mudzabwera kuno mukulira, nsato ili ndi chilonda pamphuno."

"Ndiye tidikire uwaimbire kaye nyimbo yogonetsa ana?"

Zala za Ningsih zinkafuna kupotoza kampopiko mpaka kumapeto. Ankadziona kale ali kumbuyo kwa njinga, tsaya litatsamira pamsana wa Yudha. M'bokosimo khoswe mmodzi ankasukusula kumaso ndi timanja take tofiirira. Ningsih anatsegula pang'ono pokha.

"Zitenga nthawi, Mas. Akagona ndidikiranso mpaka nditsimikize kuti palibe akupuma. Ngati mwafulumira, pitani."

Anayankhula osacheuka. Kumbuyo kwake injini inkangolira, iye n'kumadikira kuimva ikutalikira. Koma inazima.

Yudha anabwera, nanjuta pambali pake. Anayang'ana m'bokosimo kanthawi, kenako anavula jekete n'kuphimba mbali imene kunkachokera kuwala.

"Nsato yanga ija ikachita mantha ndimaiphimba chonchi," anatero motsitsa mawu. "Kaya makoswe nawo."

"Nawonso amatero."

Mapewa awo anatsala pang'ono kugundana. Makoswe aja anayamba kuwodzera, mmodzimmodzi n'kumagona pa utuchi.

"Nanga uyo wapakona?" ananong'oneza Yudha.

"Wagona. Musagwedeze bokosi."