Zitseko Zotsegukira Mkati

Dzina la Mzime, mlongo wanga wotsiriza kubadwa, linali lachisanu ndi chiwiri pa pepala limene analimata pakhoma la ofesi ya sukulu. Mayina onse analipo makumi anayi. Pamwamba panalembedwa kuti teremu yatsopano ikayamba, ana amenewa akapitirize maphunziro ku sekondale ina ya kutsidya kwa tauni, chifukwa pano malo atha.

Zoti malo atha sizinali zabodza. M'kalasi ya Fomu 3 munali ana oposa zana, m'chipinda chomangidwira ana makumi asanu. Pa desiki ya anthu awiri ankakhalapo anayi, wa kumapeto thako limodzi lili m'malere. Mzime ankaphunzirira panja, ataima pawindo, kope atalitsamiritsa kukhoma. Mvula ikagwa ankabwera kunyumba inki itayenderera mpaka m'zala.

Chimene chinkandiwiritsa magazi n'chakuti kuseri kwa bwalo la mpira kunali mdadada watsopano wa makalasi asanu ndi limodzi, umene aliyense ankangoutchula kuti buloko. Malata anakhoma kale, penti anapaka kale, magalasi ankathwanima padzuwa. Koma bulokoyo inakhala chitsekere miyezi isanu ndi itatu. Ophunzira ake anali mavu ndi abuluzi.

Amayi atamva za pepalalo anangopukusa mutu.

"Kutsidyako ndi maola awiri wapansi, kupita kokha. Ndi mwendo wake uja? Ayi. Akhale pakhomo mpaka zinthu zitakonzeka."

Mzime amatsimphina kuyambira ali wamng'ono, ndipo chaka chimene anagona m'chipatala n'chimene chinamulowetsa pasukuluyi mochedwa. Olowa mochedwa ndiwo anawasankha kuti achoke. Tsono mawu akuti "mpaka zinthu zitakonzeka" ndimawadziwa bwino. Inenso sukulu ndinaisiya ndi mawu omwewo, ndipo mpaka lero zinthuzo zikukonzekabe.

Ine ndine kalipentala. Palibe anandigwira dzanja kundiphunzitsa. Ntchitoyi ndinaiba ndi maso, hamala n'kundidetsa zikhadabo mpaka nditaidziwa. Bulokoyo ndinkaidziwa mkati ndi kunja, chifukwa zitseko zake zonse ndinapachika ndine, afolomani a kontilakitala atandilemba ganyu ya sabata imodzi. Choncho panalibe wondinamiza kuti sinathe.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya ahedi utuchi udakali m'tsitsi.

"Bwana hedi, ndili ndi funso limodzi lokha."

"Khalani kaye pansi, bambo. Funso lofunsa mutaimirira limatuluka ndi minga."

Ndinakhala, koma cha kumapeto kwa mpando.

"Buloko ija yatha kapena sinathe?"

"Ndi maso yatha. Papepala sinathe."

"Ndiye ana a anthu azinyowa pawindo chifukwa cha pepala? Ana anu akanakhala pa mndandanda umenewu, bwenzi pepalalo litapezeka kalekale! Inu a m'maofesi mumangodikirana, wina akudikira wina, uku mwana wolumala mukumuuza kuti aziyenda maola anayi tsiku lililonse."

Ahedi anali bambo wa imvi, wolankhula ngati akuwerenga mpunga m'lichero. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa kalata yopindapinda.

"Iyi inachokera kwa injiniya amene amayendera nyumba za sukulu asanatipatse makiyi. Anabwera, anaona, anakana kusaina. Anatchula zinthu zitatu. Mipope ya madzi a padenga, imeneyo anakonza. Mabolodi, anakonza. Chatsala ndi ichi." Anayika chala pa mzere wotsiriza. "Zitseko zonse zikutsegukira mkati. Zitembenuzidwe."

"Zitseko zatani?"

"Chitseko cha kalasi chimatsegukira kunja, bambo. Taganizani moto wabuka, kaya njoka yagwa kuchokera kudenga. Ana makumi asanu athamangira pakhomo nthawi imodzi. Akutsogolo akufuna kukoka chitseko, akumbuyo akuwapanikiza pa chitseko chomwecho. Atuluka ndani?" Anapinda kalatayo. "Kalipentala wake sindikumudziwa, koma zikuoneka kuti anazolowera nyumba za anthu. Ntchito yake ndi yaukhondo, chitseko sichilira n'komwe. Kungoti anatimangira zipinda zogona."

Ndinakumbukira tsiku loyamba la ganyu ija, afolomani akundipatsira pepala lalikulu la mapulani, ine n'kulikankha ndi kumbuyo kwa dzanja. Ndinati chitseko sichifuna pepala, ndapachika zoposa zana. Ndipo zinalidi zoposa zana, zonse m'nyumba za anthu, kumene chitseko chimatsegukira mkati kuti wakuba asafikire mahinjesi, mvula isachidye, komanso usamenye mlendo pamphuno pomutsegulira. Manja anga sankadziwa njira ina.

Ndinaimirira, ndinafika pakhomo, n'kutembenuka.

"Bwana hedi, kalipentala wake ndine."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Ndiye mwabwera kudzandikalipira chifukwa cha ntchito ya manja anu?"

"Zikuoneka choncho, bwana. Ndizitembenuza mawa lomwe."

"Musayerekeze. Nyumbayo si yathu mpaka atatipatsa, ndi ya kontilakitala. Mukazula msomali umodzi popanda chilolezo, adzati taononga ndife, ndiye kuti chaka china chapita. Ine ndawalembera makalata anayi. Pitani mukaonane nawo, mwina inu akakumverani. Kwatsala masabata awiri kuti titsegulire."

Afolomani ndinakawapeza kumene ankamanga sitolo ya nsanjika ziwiri, atakhala pa mulu wa njerwa, chipewa chachitsulo atachiyika pabondo.

"Ee, mmisiri wosafuna pepala! Wasowatu."

"Afolomani, kalata ya injiniya munailandira?"

"Tinailandira."

"Liti?"

"Kale ndithu. Iwe, ndili ndi ntchito zinayi, mutu umodzi. Zitseko zako zili pa mzere, tifikako."

"Miyezi isanu ndi itatu! Nambala yanga muli nayo. Mukanangondiimbira n'kunditukwana, bwenzi nditakonza sabata yomweyo. Komanso sabata yonse ija munkadutsa pomwe ndinkagwira ntchito. Simunkaona?"

"Ndinkaona munthu wodziwa zonse. Munthu wodziwa zonse umamuuza chiyani?"

Amisiri awiri amene ankaponda matope pafupi anaseka. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, koma unasowa potulukira, chifukwa theka la mlanduwo linali langa. Ndinaumeza ngati mankhwala.

"Ndinalakwa ine. Inunso munalakwa, koma zimenezo musinkhesinkhe nokha. Ndiloleni ndikakonze. Zida ndi zanga, nthawi ndi yanga. Inu mungoimbira alonda kuti anditsegulire."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Ukang'amba felemu ngakhale imodzi, sindikudziwa."

"Mapulani aja muli nawo pano?"

Apa ndiye anaseka mpaka chipewa chinagwa pabondo. Anatuma munthu kukawatenga m'galimoto, ndipo ndinawayala pa njerwa. Pa khomo lililonse panajambulidwa kamzere kokhota, kosonyeza kumene chitseko chimapita chikatseguka. Timizere tonse tinkaloza kukhonde. Ngakhale mwana akanaona.

Loweruka m'mamawa ndinafika pabulokoyo ndi bokosi la zida, Mzime akunditsatira pang'onopang'ono. Ndinali nditamuuza zonse dzulo lake. Anangoti abwera kudzagwira zitseko.

Alonda anali madala aafupi, amene anakhala pamalopo nthawi yaitali moti anali atadzala tomato kuseri kwa buloko, n'kukolola kawiri. Anatulutsa mulu wa makiyi m'thumba la jekete.

"Ukudziwa kuti ukutsegula buloko, ukutseka ntchito yanga?"

"Pepani madala."

"Usapepese. Kulonda nyumba yopanda anthu kumakalambitsa. Abuluzi salonjera."

Kutembenuza chitseko si kungochichotsa n'kuchibwezera mbali ina. Umamasula mahinjesi, n'kuzula mosamala timatabwa timene chitseko chimagundapo chikatsekeka. Kenako umasema malo atsopano a mahinjesi mbali ya kunja kwa felemu, malo akale n'kuwatseka ndi tizidutswa ta thabwa ndi guluu. Loko nayo umaitsegula n'kutembenuza kalilime kake. Chitseko choyamba chinanditengera maola atatu.

Mzime ankachigwira chili chiimire, phewa lake litachitsamira, ine nditagwada pansi ndi sikuludiraiva.

"Achimwene."

"Ee."

"Miyezi yonseyi mumabwera kunyumba n'kumatukwana boma, kontilakitala, ahedi, mpaka alonda awa."

"Inenso?" anafunsa alonda ali pakhonde.

"Inunso, madala. Ankati mumagona."

"Ndimagonadi. Koma zitseko sindinapachike ndine."

Mzime sanaseke. Anandiyang'ana kuchokera pamwamba.

"Tsiku lina mvula inandinyowetsa, ndinabwera kudzabisala pakhonde pano. Ndinagwira chitseko ichi n'kumanyadira kuti anapachika ndi achimwene anga. Ndinauzanso anzanga."

Ndinamanga sikuluu yotsiriza n'kumuuza kuti asiye. Chitseko chinayenda chokha, mwakachetechete, kupita kukhonde.

"Kankha uli mkati," ndinatero.

Analowa, ndinatseka, iye n'kukankha ndi chala chimodzi. Chinatseguka.

"Chabwino," anatero. "Zatsala zisanu. Musayambe kudzitama."

Tinamaliza Lamulungu dzuwa likupendeka. Pakhoma la kukhonde ndinakhomanso tingowe togwira zitseko, kuti mphepo isamazimenyetse kapena kugunda mwana wodutsa. Zimenezo pa mapulani panalibe. Ndinaziganiza ndekha nditaona mmene khondelo linalili lopanikiza.

Chotsala chinali injiniya. Ahedi anamuimbira Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Anali ndi sukulu zambiri zoyendera ndipo galimoto inali imodzi. Ine ndinkapita ku ntchito zanga, koma ndinkapala thabwa maso ali pa foni. Kunyumba amayi anali atayamba kale kunena zoti Mzime akhoza kuphunzira kusoka kwa mayi wina wa telala, podikira.

Injiniya anabwera Lachisanu la sabata yachiwiri, kutatsala masiku awiri. Anali mayi wachitsikana, wovala nsapato zazikulu zantchito, wosakonda kucheza. Sanayang'ane n'komwe mahinjesi anga. Anatilowetsa tonse m'kalasi yoyamba, ahedi, aphunzitsi asanu amene analipo, alonda ndi ine, n'kutseka chitseko.

"Ndikawomba m'manja, nonse thamangirani pakhomo. Musapatsane ulemu."

Anawomba. Tinathamanga, ahedi ndi imvi zawo ali pakati, alonda akukuwa kuti wina wawaponda chala. Chitseko chinatseguka ngati chatiwona tikubwera, tonse n'kukhuthukira pakhonde. Anatibwereza choncho m'kalasi iliyonse, mpaka mphunzitsi wa masamu anati chiyambire ntchito sanathamangepo chonchi.

Kenako mayiyo anatenga kandodo kachitsulo n'kuyamba kugogoda pansi, chipinda ndi chipinda. M'zipinda zinayi simenti inayankha molimba. M'ziwiri za kumapeto inalira ngati ng'oma, ndipo pakona panali mng'alu woti chala n'kulowa.

"Izi zachitika nyumba ili chitsekere," anatero. "Chinyontho chalowa pansi. Ziwirizi aswe, athirenso simenti. Zinayizi ndisaina lero." Anatembenukira kwa ahedi. "Anatembenuza zitseko ndani?"

"Yemwe anazipachika."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana tingowe ta pakhoma.

"Ulendo wina muziyamba mwawerenga mapulani, bambo."

"Ndamva, mayi."

Makalasi anayi sanali okwanira aliyense. Ahedi ndi aphunzitsi anakhala mu ofesi masana onse akugawa ana, ndipo cha m'ma folo koloko anatuluka ndi cholembera chofiira. Anayamba kukhwatcha mayina pa pepala lija, limodzilimodzi, ine nditaima kumbuyo kwawo. Atafika pa dzina la Mzime anakoka mzere wautali mpaka kunja kwa pepala. Fomu 3 ndi Fomu 4 onse anatsala pasukulu. Mayina khumi ndi awiri a Fomu 2 sanawakhudze.

"Awa adikira zipinda ziwiri zija," anatero, osandiyang'ana.

Mzime anali atakhala pa sitepe ya ofesi. Nditamugwedezera mutu anaphimba nkhope ndi manja kwa kanthawi, kenako anadzuka n'kunena kuti akukawauza amayi iye mwini, ine ndisamutsogolere.

Ndinatsala ndikulongedza zida. Apo n'kuti pakhoma paja pataima mayi wina wovala yunifolomu ya osesa m'misewu, akuyang'ana pepalalo chapafupi kwambiri, kenako chapatali.

"Achimwene, tandithandizani. Maso angawa ndi zilembo sizigwirizana. Akuti ena awakhululukira. Wanga ali Fomu 2."

Ananditchulira dzina. Ndinatsitsa chala pa mndandanda ndipo ndinalipeza lachitatu kuchokera pansi, loyera, lopanda mzere wofiira.

"Lilipobe, mayi."

"Ndiye kuti apita kutsidya?"

"Pokhapokha atathira simenti m'zipinda ziwiri. Ndi ntchito ya masiku anayi, kuuma kwake sabata imodzi."

"Nanga wothirayo ali kuti?"

Ndinayang'ana dzuwa. Amisiri amaweruka faifi koloko, ndipo kusitolo kuja ndi mphindi makumi atatu ukamayenda mokoka mwendo. Bokosi la zida ndinawasungitsa alonda.

"Ndi afolomani. Ndikudziwa kumene amakhala, pa mulu wa njerwa. Tiyeni tonse, mayi. Ine akandiona ndekha amaseka. Mukalankhule ndinu, ine ndikangoima pambali."

Mayiyo anamanga bwino mpango kumutu, ndipo tinatuluka pageti.