Mabokosi Awiri a Malemu Filipo

"Chotsani chala pamenepo, achimwene!"

Festus anauma, chala chili pa swichi ya ampu, makina okuzira mawu a gitala. Rakele anatula benchi imene ankabweza ku tchalitchi n'kuthamangira pakhonde.

Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo awo m'manda. A Filipo Mbewe anaimba gitala m'maukwati zaka makumi anayi, kuchokera kwa Msakambewa mpaka kumapiri a Ntchisi, koma sanasiye ng'ombe ngakhale njinga yoyenda. Anasiya ampu ya mavalavu, yakale kuposa ana awo onse, ndi mabokosi awiri a masipika. Anagawiratu ali m'chipatala, katekisiti akumva: ampu kwa Rakele, amene amakonza mawailesi pa Boma, bokosi limodzi kwa Gregorio, mwana woyamba, linalo kwa Festus. Anthu anayamikira kuti mkuluyo wagawa mwachilungamo. Anthuwo sankamudziwa bwino.

Gregorio ndi Festus anali atatha zaka zitatu osapatsana moni chifukwa cha mzere umodzi wa nthochi m'malire a dimba. Ngakhale ponyamula maliro, wina anagwira kutsogolo wina kumbuyo, kuti maso asakumane.

"Ndingoyesa basi," anatero Festus. "Loweruka kuli ukwati ku Dzaleka. Abambo anavomera asanadwale. Aku Congo aja sakufuna ampu ina, akuti iyi imalira ngati munthu."

"Ndi bokosi limodzi?"

"Langali. Lavuta chiyani?"

"Lanulo ndi la maomu sikisitini, ndiwo muyeso wa mmene limapanikizira magetsi. La achimwene a Gregorio chimodzimodzi. Mukawalumikiza onse awiri amakhala eyiti, ndipo ampuyi anaitchera pa eyiti."

Festus anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe mlongo, sukulu ndinalekeza Sitandade faifi, koma sikisitini kuphatikiza sikisitini sanakhalepo eyiti. Masamu a pa Boma amenewo?"

"Madzi akapeza ngalande ziwiri amapanikizika? Mukatseka imodzi, mphamvu imabwerera m'mbuyo. Ampu zatsopano zimapirira, koma nkhalamba iyi thiransifoma yake yatopa. Ikapsa Loweruka pakati pa nyimbo, ina simudzaipeza ngakhale ku Lilongwe."

"Ndiye ndikagwade kwa wakuba nthochi uja?"

Mayi awo, a Tereza, anali pamkeka akusankha mtedza, mpango wakuda kumutu. Sanadzutse nkhope. "Wakubayo anayamwa bere limene unayamwa iwe."

Rakele anamumvera chisoni mchimwene wake. Festus analibe munda wa fodya ngati Gregorio. Gitala ndiye linali khasu lake, ndipo akalephera ukwati woyamba, a ku Dzaleka sadzamuitananso.

"Musadandaule," anatero. "Kumbuyo kuli kachingwinjiri kosinthira. Ndikapotokolera pa sikisitini, bokosi lanu liimba lokha."

Anatembenuza ampu ija. Manambala analipo: folo, eyiti, sikisitini. Kachingwinjiriko kunalibe. Panali bowo lotsekedwa ndi phula.

"Amayi, kachitsulo kanali apa kali kuti?"

"M'chimbudzi."

"Kuti?"

"Abambo anu anakaponya okha, m'mawa wa tsiku limene tinapita kuchipatala. Manja ankanjenjemera, ndiye ine ndinkawagwirira pulayala. Minibasi inatisiya kawiri. Ndinati a Mbewe, mukufa inu, zitsulozi zisiyeni. Akuti, n'chifukwa chake ndikufulumira."

Festus anakhala pansi pa thumba la chimanga. "Mdala ameneyu! Ali m'manda koma akutiseweretsabe bawo." Kenaka anatembenukira kwa mlongo wake, mawu atafewa ngati a munthu wofunsira mbeta. "Rakele, mayi wanga, iwe ndi dokotala wa zimenezi. Tsegula m'katimo."

Rakele anamasula zomangira zinayi n'kuchotsa chivindikiro. Munkanunkha fumbi lotentha ndi fodya wa abambo. Anayembekezera kupeza mawaya oduladula, koma ayi. Waya wa eyiti anali atawotcheredwa molunjika potulukira mawu. Wa sikisitini anali pomwepo, wathunthu, atakulungidwa bwinobwino ndi tepi, nsonga ya tepiyo itapindidwa kuti wodzamasula asavutike ndi zikhadabo. Umu ndi mmene a Filipo anamuphunzitsira iyeyo kusunga waya amene adzafunikebe. Kumulumikizanso inali ntchito ya mphindi zisanu, ndipo m'banja monse munthu woti angaone zimenezo anali mmodzi yekha.

"Bwanji?" anafunsa Festus, akusuzumira ngati akumvetsa. "Zitheka?"

Rakele anayang'ana kutsidya kwa bwalo. Gregorio anali pakhomo pake akunola chikwanje chimene chinali chakuthwa kale, khutu lili kuno. Bokosi lake analiika pampando, atalifunditsa chitenje chatsopano cha mkazi wake.

"Abambo aononga," anatero Rakele. "Popanda mabokosi onse awiri, iyi siimba."

"Ukunama iwe."

"Tsegulani nokha mukonze."

Festus anatukwana nthochi zonse za m'dziko la Malawi, n'kudzuka. Anasasa fumbi pathalauza kwa nthawi yaitali kuposa mmene fumbilo linalili, kenaka anayamba kuwoloka bwalo, akuyenda ngati wopita kukazulitsa dzino.

A Tereza anasuntha lichero. "Waona chiyani m'menemo?"

"Tepi basi, amayi."

Rakele anakanikiza nsonga ya tepi ija ndi chala chachikulu kuti igwire bwino, n'kubwezera chivindikiro.