Msomali wa Apongozi

Pabalaza pathu pali msomali. Anaukhoma ndi apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga, tsiku limene ndinalembedwa ntchito mutimu ya mpikisano wa njinga. Iwo ndi kalipentala wopuma, ndiye sanangokhoma chikhomerekhomere ayi. Anayeza ndi tepi, anaika kadontho ka pensulo, kenako anabwerera m'mbuyo n'kukayang'ana ndi diso limodzi. Atakhutira anati, "Mkamwini, apa padzakhala chithunzi chanu mutaima pansanja." Felemu anapanga okha, yathabwa labwino, n'kuiika pamwamba pa kabati.

Zinadutsa zaka khumi ndi chimodzi. Felemu ija inali ikadali pamwamba pa kabati, ndipo pamsomali paja pankakhala ambulera yawo.

Kwa inu amene simuidziwa ntchitoyi, nsanja ya opambana ili ndi malo atatu basi. Woyamba pakati, wachiwiri uku, wachitatu uko. Wachinayi sasiyana ndi womaliza, onse amangopita kukasamba. Ndipo ine sanandilembe kuti ndizipambana. Mutimu, katswiri amakhala mmodzi, enafe ndife antchito ake. Ine ndinali wamadzi. Ndinkatsalira kumbuyo kwa gulu, kutenga mabotolo kugalimoto ya timu, kuwalonga m'malaya, kumsana, pamimba, lina pakhosi penipeni, kenako n'kudutsa anthu oposa zana kukagawira anzanga kutsogolo. N'chifukwa chake anandipatsa dzina loti Chitsime. Munthu akangoti "madzi", dzanja langa linkapita lokha kumsana mutu usanamve n'komwe. Tsiku lina kuchipatala nesi anatuma mnzake madzi, ine n'kupezeka ndikupapasa kumbuyo kwa jekete.

Apongozi sankandinyoza, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipweteka. Bola akadalalata. Ndikabwerako ankangofunsa kuti, "Mwamwetsa angati lero, mkamwini?" Ine n'kuyankha, mtima ukuwawa. Analinso ndi kakhalidwe kena kachilendo. Tsiku lililonse la mpikisano ankalawira kuchotsa ambulera pamsomali n'kumayenda nayo tsiku lonse, kaya kuli mitambo kaya dzuwa likuswa mtengo. Ndikabwera ndinkaipeza yabwerera pamalo pake. Ndinkati ndi ukalamba.

Chaka chatha mabondo anayamba kulira ngati chitseko chosathira oyilo. A Kochi, bwana wa timu yathu, anandiitana n'kundiuza mosapita m'mbali kuti mpikisano wotsatira ukhala wanga womaliza. Mpikisanowo unali wothera m'tauni mwathu momwe, msewu wodutsa kuseri kwa nyumba yathu. Ndinadziwa kuti ndikamaliza tsikulo opanda chithunzi, ambulera ija yapeza malo mpaka kalekale.

Tsikulo kunatentha moti phula linkamata matayala. Kutatsala makilomita sikisite, ndinatsikira kugalimoto kukatenga madzi. Anandipatsa mabotolo asanu ndi atatu. Ndinawalonga monse monse, n'kuyamba kukwera gulu chakumanzere, mutu pansi, maso pa tayala la munthu amene anali patsogolo panga. Tayalalo linayamba kuthamanga, ine n'kulitsatira. Linathamanganso, ine osalisiya. Ndinkati ndi mzere wopita kwa anzanga. Nditadzutsa mutu, kutsogolo kunali anthu atatu ndi msewu wopanda kanthu. Gulu lonse, pamodzi ndi katswiri wathu ndi ludzu lake, linali kumbuyo.

Kawailesi ka kukhutu kanalira. Anali a Kochi.

"Chitsime, uli kuti? Katswiri akufuna madzi."

"Bwana, zikuoneka ngati ndathawa."

"Wathawa ndani?"

"Nonse."

A Kochi anati, "Khala komweko. Tikakhala ndi munthu kutsogolo ife sitithamangitsa, atope ndi matimu enawo."

"Nanga madziwa?"

"Samba."

Ndinayang'ana anzanga atsopanowo, onse a matimu ena. Panali Dazi, chimunthu chamiyendo ngati matumba a simenti. Panali Mano, amene akatopa amaonetsa mano onse moti anthu a m'mbali mwa msewu amaganiza kuti akuwasekerera. Ndipo kumbuyo kwenikweni, atabisala bwinobwino, panali Nkhupakupa.

Kuthawa gulu kuli ndi lamulo lake losalembedwa. Amene ali kutsogolo ndiye amaswa mphepo, enawo amapumira kumsana kwake, ndiye mumasinthana, uyu pang'ono, uyu pang'ono. Mukapanda kutero, gulu limakumezani. Nkhupakupa chibadwire sanaswepo mphepo. Amakakamira tayala la mnzake tsiku lonse, n'kudzatulukira mamita handiredi omaliza ali wofewa ngati wangodzuka kumene. Ukamukodola ndi chigongono kuti adutse, amagwira pamimba. Ukamukodolanso, amaloza kukhutu kuti abwana ake amuletsa. Munthu ameneyu ngakhale pamzere wa kuchimbudzi amaima kumbuyo kwa wina kuti mphepo isamugunde. Chaulere sakana, kaya ndi nthochi ya mnzake, kaya ndi mpope.

Tinali anayi, malo pansanja atatu. Dazi ndi Mano ankandiposa liwiro, zimenezo sindikanatsutsa. Malo achitatu anali pakati pa ine ndi Nkhupakupa, ine ndikutopa, iye akupuma. Masamu ake anali osavuta, ndipo anali oipa.

Koma dzuwa linali kumbali yanga. Gulu linali kumbuyo ndi masekondi fifite okha, ndipo mpata ukakhala wochepa chonchi magalimoto a matimu saloledwa kubwera kwa othawa. Njinga yamoto yogawa madzi tinaidutsa itaima pambali, mwini wake akuyang'ana tayala lophwa. Patapita makilomita khumi, Dazi anafinya botolo lake n'kutuluka mpweya wokhawokha. Anacheuka, n'kuona msana wanga uli tutumutu.

"Chitsime, madzi."

Dzanja linanyamuka. Ndinaliona likupita ngati la munthu wina. Ndinaluma mano, n'kulibweza pa handulo. Aka kanali koyamba m'zaka khumi ndi chimodzi, ndipo thukuta limene linatuluka pamenepo silinali la dzuwa.

"Madzi alipo, akulu," ndinatero. "Koma chitsime chasintha malamulo. Botolo limodzi, makilomita atatu kutsogolo."

"Ukudwala iwe?"

"Kapena. Koma ludzu ndilibe."

Dazi anatukwana pang'ono, n'kupita kutsogolo. Anakoka makilomita ake atatu, ndinamupatsa botolo. Mano sanadikire kuuzidwa, anakoka, anamwa, n'kundionetsa mano onse, ndipo ulendo uno ndikhulupirira ankasekadi. Ine ndinali pa nambala yachiwiri, mphepo osandikhudza, ndikuona mitengo ndi nyumba zimene ndakhala ndikuzidutsa zaka zonsezi osaziona. Kani akatswiri amakhala moyo wotere.

Nkhupakupa anapirira. Anayamba ndi ulemu. "Achimwene, inu ndi ine tachokera kutali." Ndinamuuza kuti ine ndachokera kutali, iye wachokera kumsana kwanga. Anati m'mimba mukumupota. Ndinati madzi ozizira sayenda ndi m'mimba. Anati abwana ake amuletsa. Ndinati awapemphe abwana akewo amulavulire m'khutu. Kenako ndinatsegula botolo, n'kumwa pang'onopang'ono, otsalawo n'kudzithira m'mutu iye akuona.

Kutatsala makilomita twente, milomo yake itayera ngati wadya choko, Nkhupakupa anadutsa n'kupita kutsogolo. Dazi anatsala pang'ono kugwa. Mano anati, "Ambuye, ndaona ndi maso anga, tsopano ndikhoza kufa." Choseketsa n'chakuti munthuyo sankadziwa n'komwe kakokedwe kake. Mphepo itamumenya kumaso anadabwa, anacheuka ngati wina wamuponyera chinthu. Anakoka mopupuluma kuti athane nazo msanga, ine n'kumuuza kuti makilomita atatu sanakwane, patsala kamtunda ako. Anamwa botolo lake m'kamphindi, ludzu osatha, n'kukokanso ena atatu kuti apeze lachiwiri. Mpata unakhalabe masekondi fifite.

Tinalowa m'tauni Dazi ndi Mano atamwanso lachiwiri aliyense, ine nditatsala ndi botolo limodzi kumsana. Apa mpamene othawa amapenga. Pakatsala makilomita awiri palibenso ofuna kukhala kutsogolo, chifukwa wokoka pamenepo amangokonzera anzake njira. Tinayamba kuyang'anana. Liwiro linatsika. Anthu anayi akuluakulu, ena a ana awo, tikuyenda mokhotakhota ngati oledzera, aliyense khosi lili chopotoka kuyang'ana mnzake. Tinadutsa pa bekale ya pakona, tinadutsa pometera tsitsi pamene ndimameta, ometa ali pakhomo ndi lumo m'manja akukuwa dzina langa. Ndinaona ndi denga la nyumba yathu lomwe. A Kochi m'khutu ankangowerenga masekondi a mpata uja. "Fote. Sate. Chitsime, twente. Akumezanitu anthuwa." Ndinkamva kale mkokomo wa gulu kumbuyo, ndipo kunena zoona ndinachita mantha. M'maganizo ndinaona ambulera ija ili lende pamsomali, ine nditakalamba pansi pake.

Patatsala mamita firii handiredi, Dazi ananyamuka, Mano kumsana kwake. Awiriwo anapita, ndipo sindinawalirire. Ndinaima pa mapedulo n'kuponda ndi chilichonse chimene ndinali nacho, mabondo akulira. Nkhupakupa anali kudzanja langa lamanja, koma miyendo yake inali italawa ntchito tsikulo, sinkayankha bwino. Ndinali patsogolo ndi theka la njinga. Mzere woyera ndinkauona.

Pamenepo galu uja Nkhupakupa anatsitsa mawu, n'kuyankhula modekha ngati mmene amayankhulira katswiri wathu.

"Chitsime, madzi."

Abale, dzanja linapita. Sindinalitume, sindinalione n'kunyamuka komwe. Ndinangopezeka ndagwira handulo ndi dzanja limodzi, lina latambasuka ndi botolo, njinga ikugwedezeka, liwiro likutha. Nkhupakupa anafika pambali panga, tayala lake n'kudutsa langa. Ndinati basi, ndadzipha ndekha, pakhomo pathu, anthu onse akuona.

Koma nayenso ali ndi dzanja lake. Botolo laulere linali pamphuno pake, lodzaza. Zaka zonse za moyo wake munthuyo sanakanepo chinthu chopatsidwa. Analilandira.

Ine manja onse awiri anabwerera pa handulo. Iye anatsala ndi botolo, akuliyang'ana ngati sakudziwa kuti lafika bwanji. Ndinaponda kanayi, n'kukankha njinga kutsogolo pamzere. Gulu linatidutsa ngati mvula yamkuntho patangotha masekondi atatu.

Oweruza anayang'ana chithunzi cha pamzere kwa mphindi zisanu. Ndinamuposa ndi kukhuthala kwa tayala. Nkhupakupa anakhala pansi m'mbali mwa msewu, n'kutsegula botolo lija, n'kumwa. Anati, "Otentha." Ndinamuuza kuti abweze botolo, ndi la timu.

Sitepe ya wachitatu ndi yaifupi, sifika n'pabondo pomwe, koma ndinachita kugwirira phewa la Dazi kuti ndikwere. Anandipatsa maluwa, ine osadziwa kogwira, ndinatsala pang'ono kuwalonga kumsana. Ndili pamenepo ndinawaona apongozi m'chigulu cha anthu, mkazi wanga ali pambali pawo akulira. Iwo anangoima njo, dzuwa likuwawotcha padazi, ambulera ili chopinda m'khwapa.

Nditatsika ndinapita kwa iwo. Ndinkafuna kunena mawu aakulu, koma pakamwa panatuluka zina.

"Bambo, dzuwa lonseli, bwanji osaitambasula ambulerayo?"

Anaiyang'ana ngati aiwala kuti ainyamula.

"Iyi? Sindinaitengere dzuwa, mkamwini. Tsiku la mpikisano msomali umafunika ukhale wopanda kanthu. Mukanabwera ndi chithunzi n'kupeza pali ambulera, mukanati sitimakuyembekezani."

"Masiku onse aja?"

"Onse. Madzulo ndimaibwezerapo kuti musafike n'kuona msomali uli wokhawokha." Anandigwira pamkono. "Nanga mwamwetsa angati lero?"

Ndinayesa kuwerenga. Ndinangofika pa Dazi ndi Mano basi. Ndinalira ngati mwana, maluwa ali m'manja, a Kochi akujambula ndi foni.

Chithunzi chinabwera patapita masiku awiri. Maso anga ndi otsinzina, ndipo Mano waphimba theka la phewa langa ndi chigongono. Apongozi anatsitsa felemu pakabati, anaipukuta ndi mkono wa malaya, analowetsa chithunzi, chinakwana ndendende. Atachipachika anabwerera m'mbuyo n'kuchiyang'ana ndi diso limodzi. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa msomali wina, wadzimbiri, n'kunditumiza tepi ndi hamala.

"Uwu ndi wa ambulera," anatero. "Ndinagula tsiku limodzi ndi winawo."