Buku la Kuchipatala la Bambo Mbewe

"Kodi masiku ano mkodzo nawonso umalemba mayeso?"

Anafunsa ndi Charmaine, mtsikana wa ku Dangamvura amene anakhala kumapeto kwa benchi, atakweza kabotolo kake kopanda kanthu n'kumakayang'ana padzuwa. Atsikana asanu enawo anali atafumbata timabotolo tawo pamiyendo ngati makandulo a pa Isitala, aliyense akuopa kuti akaseka, kusekako kulembedwa mufayilo.

Vaileti Mbewe anali wachitatu pabenchipo. Maphunziro a unamwino anamaliza zaka zitatu zapitazo, ndipo chimalizireni ntchito yake inali yosita diresi limodzi labuluu, kukwera nalo kombi, kubwerera nalo, n'kulisitanso. Chipatala ichi cha ku Morningside, mumzinda wa Mutare, ndicho chinali choyamba kumuitana kawiri. Kale inali nyumba ya munthu, ndipo pomwe mwini wake ankasungira galimoto tsopano panali chikwangwani chonena kuti labotale. Mafunso a ntchito anali atakhoza. Chinatsala ndi kabotolo basi.

Matironi Petronella anatulukira atanyamula mafomu pachifuwa. Anali mayi wamtali, wolankhulira m'mphuno, woyenda ngati pansi pamunyansa.

"Atsikana, kuno tili ndi kabati ya mankhwala oopsa. Sitilemba anthu ozunguza bongo ndi mutoriro, sitilemba omwa mankhwala a chifuwa ngati tiyi. Amene akudziwa kuti thupi lake lili ndi nkhani, geti ndi ilo."

Palibe anadzuka. Pafomupo panali mzere wofunsa mankhwala amene munthu akumwa. Vaileti analemba kuti tramadol, piritsi limodzi m'mawa, lina madzulo, chifukwa cha msana. Analemba mosabisa, ndi kunyada kwa munthu amene anakhoza phunziro la mankhwala, podziwa kuti kubisa n'kwa anthu osaphunzira. Kenaka anasiya chikwama pakhomo n'kulowa m'chimbudzi chomwe madzi ake anathiramo utoto wabuluu. Chitseko sichinkaloledwa kutsekedwa. Mayi wokolopa anaima pamenepo ndi mopu m'manja, nkhope ili gwa, ngati kuti m'dziko lonse la Zimbabwe iyeyo ndiye anasankhidwa kulondera chilungamo.

"Fulumirani, sisi. Pali anzanu."

Tsiku lotsatira foni inalira. Mkodzo unali utanena zomwe Vaileti ananena kale. Matironi ankafuna kuona pomwe dokotala analemba, ndipo ankafuna pofika Lachitatu.

Apa m'pamene Vaileti anakhala pansi pabedi, msana n'kumukumbutsa kuti ulipo.

Msanawo anauvulaza miyezi iwiri m'mbuyomo, akudzutsa bambo ake, a Stanford Mbewe, bondo litawakana kubafa. Dokotala anamuonadi. Anamugwiradi msana, anamuuza kuti awerame, analembadi mankhwala ndi dzanja lake. Vuto linali buku lomwe analembamo.

Kwawo ku Sakubva, pamzere wa nyumba zakale za anthu a njanji, pomwe pafupifupi khomo lililonse linali la ana ndi adzukulu a Amalawi, panali kachitidwe kodziwika kwa aliyense koma kosatchulidwa. Kukiliniki yakwawo okalamba sankalipira. Choncho nyumba iliyonse inali ndi buku limodzi la kuchipatala, kope la kusukulu lodulidwa pakati, lolembedwa dzina la nkhalamba ya pakhomopo, ndipo aliyense akadwala ankadwalira m'menemo. Amene ankayendetsa zimenezi anali Sisita Martha, namwino wa pakilinikipo, mayi wa Mvano, wokhala nyumba yachinayi kuchokera kwa a Mbewe. Iwo ankalandira buku, kulemba kuthamanga kwa magazi ndi sikelo, n'kulitsegula pamalo oyenera asanalipereke kwa dokotala wobwera Lachitatu lokha. Dokotalayo pazaka zonsezo anali asanatembenuzepo chikuto. Ankaona anthu makumi asanu ndi limodzi lisanakwane dzuwa la paliwombo, ndiye dzina la munthu linali chinthu chomutayitsa nthawi.

Lachitatu Vaileti anavalanso diresi labuluu, n'kuika bukulo mu envelopu yakhaki kuti lioneke ngati chikalata.

Matironi Petronella anavala magalasi, natulutsa bukulo ndi zala ziwiri. Chikuto chinali ndi dontho la mafuta ophikira. Anawerenga dzina, anayang'ana Vaileti, anawerenganso dzina.

"Stanford ndinuyo?"

"Ndi bambo anga, Matironi."

"Zaka 72."

"Eya."

Matironi anayamba kutsegula masamba pang'onopang'ono, akunyowetsa chala ndi malovu, chinthu chomwe kusukulu ya unamwino munthu ankatulutsidwa nacho m'kalasi.

"Bambo anuwa ndi munthu wodabwitsa. Mu Malichi anadwala chikuku. Mu Juni zipere za m'mutu, akulemera makilogalamu khumi ndi asanu ndi anayi. Mu Ogasiti analemera makumi asanu ndi atatu." Anatsegula tsamba lina, naliwerenga mosathamanga kuti asangalale nalo bwino. "Kupweteka kwa msambo. Kawiri. Akupeza bwanji masiku ano, bambowa?"

Vaileti anayang'ana kalendala ya kampani ya mankhwala yomwe inali pakhoma. Anafotokoza ndi mawu ochepa mmene zimayendera kwawo. Sanatchule dzina la munthu.

"Aa, anthu inu," anatero Matironi, ndipo Vaileti anadziwa anthu ake ndi ati. Anabadwira m'Mutare momwemo, mayi ake ali m'manda a m'Mutare momwemo, koma mawu awiri amenewo ankatha kumukweza sitima n'kukamutsitsa ku Blantyre komwe anali asanapondeko.

"Dokotala anandionadi, Matironi. Siginecha yake ndi iyo."

"Ichi? Ichi ndi nyongolotsi yopondedwa ndi njinga. Komanso dokotala sitimufunsa, ali ndi zochita." Matironi anavula magalasi. "Mverani, Mbewe. Pa atsikana onse aja inu ndinu amene munakhoza bwino, ndipo sindikonda kuyambiranso mafunso. Koma pamapepala pano pali njira ziwiri zokha. Yoyamba, ndilembe kuti munamwa mankhwala oopsa a munthu wina popanda dokotala. Fayilo imeneyo sikhala mu ofesi muno yokha, imayenda, ndipo palibe adzakupatseni kiyi wa kabati ngakhale ya mathonje. Yachiwiri, zolemba zapamwambazi, za magazi ndi sikelo, ndi dzanja la namwino. Dzanja lokongola, la anthu akale. Mundilembere dzina lake papepala, mufotokoze zomwe anachita, musaine. Zikatero nkhani si yanunso, ndi yake, ndipo ine ndiitumiza koyenera. Pepala lifike Lachisanu, Lolemba muyambe ntchito."

"Akachotsedwa ntchito."

"Inu muli nayo?"

Panja Vaileti anakumana ndi Charmaine atanyamula yunifolomu yatsopano m'pepala lapulasitiki. Mkodzo wake unali utakhoza bwino kwambiri. Pamafunso paja Charmaine analephera kunena kuthamanga kwa mtima kwa munthu wabwinobwino, koma chikhodzodzo chake chinalibe mlandu.

"Sha, mnzanga, tionana Lolemba!" anakuwa akuthamangira kombi.

Vaileti anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Bambo ake anali pakhonde, mwendo wodwala atausanjika pa kreti, atavala jekete yakale ya kunjanji yomwe mabatani ake ankawapukuta Loweruka lililonse ngakhale sitima zinasiya kuwafuna kalekale. Anawafotokozera zonse. Anamvetsera akugwedeza mutu, ndipo pa nkhani ya msambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyo anali mlamu wako, mkazi wa mchimwene wako Edmund. Ndinamubwereka buku."

"Ababa, si zoseketsa."

"Ayi, Nambewe, si zoseketsa." Anapukuta misozi. "Koma a Sisita ayi. Amenewo usawakhudze. Mzere wonse uno ukupuma chifukwa cha iwo. Ukawatchula, ine kutchalitchi ndikakhala pati?"

Uthenga pamzerewo sunkafuna foni. Madzi a tiyi asanawire, Sisita Martha anali atafika, ali m'bulauzi yoyera ya Mvano, buku la nyimbo kukhwapa. Anakhala pampando wabwino osauzidwa, nalandira kapu ndi manja awiri.

"Ndamva, mwanangu. Zachisoni. Koma nawenso, wophunzira ngati iwe, unalemberanji pafomu? Ukanangosiya kumwa masiku anayi, n'kumwa madzi ambiri. Ana a masiku ano mumaulula ngati muli pamaso pa abusa."

"Tinaphunzitsidwa kulemba zoona, Anti."

"Tonse tinaphunzitsidwa." Anapemerera tiyi. "Nkhaniyi ndi yaing'ono. Ukanene kuti msana unakupweteka, unaona mapiritsi a bambo ako pawindo, unamwa. Ndani sanamwepo mankhwala a bambo ake? Akukalipira pang'ono, basi."

"Akuti fayilo idzanditsata kulikonse."

"Mafayilo amasowa. Ine ndagwira ntchito zaka makumi atatu, ndaona mafayilo akudyedwa ndi chiswe. Iwe ukadali mwana, ntchito zidzabwera. Ine zanditsalira zaka ziwiri kuti ndipume. Ziwiri zokha." Anakweza zala ziwiri, kuti mwina Vaileti sanaphunzire masamu. "Si choncho, achimwene?"

"Ndi choncho, a Sisita," anatero a Mbewe, akuyang'ana bondo lawo.

"Ndipo ndani anakubadwitsa iwe? Manja awa. Amayi ako, Mulungu awasunge, ndani ankawabaya jakisoni kunyumba kuno mpaka tsiku lomaliza? Sindikunena kuti undithokoze, ine sindigwirira kuthokozedwa. Ndikungokukumbutsa." Anatembenukira kwa a Mbewe. "Buku lija mwalitenga? Mdzukulu wa a Phiri watupa khutu, ndipo buku lawo ladzaza. Ndimati mawa alowere mwanu."

Vaileti anatulutsa envelopu yakhaki m'chikwama n'kuiika patebulo. Sisita Martha anaitenga, naisunga pakati pa masamba a buku la nyimbo, nayamba kufotokoza za mayi wina wa Mvano amene anabwera kumsonkhano atavala nsapato zofiira. A Mbewe anadabwa nazo kwambiri nsapatozo. Anafunsa ngati zinali zazitali. Zinali zazitali.

Vaileti anatolera makapu, anawatsuka pampopi wa kuseri, anawapukuta, anawaika m'kabati iliyonse pamalo pake. Kenaka anabwerera pakhonde n'kuima pakhomo, dzanja lili pamsana. Anadikira mpaka nkhani ya nsapato itatha.

"Ababa, Anti," anatero. "Lolemba ndikuyamba ntchito."