Mano Awiri a Woimba Lipenga

Amuna anga amaimba lipenga m'bandi, ndipo kwa zaka makumi atatu nyimbo ikangotha, ndudu inkalowa pamene pachoka lipenga. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Koma chimene chinawasiyitsa fodya si ine ayi. Tsiku lina mpweya unawathera pakati pa nyimbo, anthu akuonerera. Anafika kunyumba ali ndwii, n'kuponya paketi yonse m'bini.

Kuti pakamwa pasasowe chochita, ndinayamba kuwagulira maswiti. Ankaika imodzi m'tsaya, ikasungunuka n'kuponyamo ina, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sipanapite nthawi, anayamba kulavula magazi akamatsuka mano. Chaka chitatha, mano awiri akutsogolo, am'mwambawa, anayamba kugwedera. Amene sanakhalepo ndi woimba lipenga sangamvetse. Lipenga limatsamira pa mano awiri amenewo, ndipo akachoka, ntchito yathera pomwepo.

"Zaka zonse ndikusuta sindinaonepo magazi ine," ankatero. "Maswiti anuwa andimaliza, mayi."

Ankanena ngati nthabwala, koma ine zinkandilasa mumtima, chifukwa wogula maswitiwo ndinali ine ndithu. Ndinawakokera kwa dokotala wa mano ngati mbuzi yokana chingwe.

Dokotalayo anali mayi wamfupi, wa imvi, wosadziwa kuzungulira nkhani. Anandilola kukhala pa kampando kapakona. Amuna anga, chimunthu chonse chija, anagona pampando wopendekeka atagwira zogwirira zake ngati wina akufuna kuwalanda. Dokotala anawawalitsa nyali kumaso, n'kulowetsa kagalasi ndi kachitsulo kosongoka, akuyenda dzino ndi dzino. Kenako anawajambula, chithunzi n'kuchiika pakompyuta kuti tonse tione.

"Bambo, m'kamwa mwanu mwalowa akuba awiri," anatero dokotala. "Madontho akudawa, m'mano anayi akumbuyowa, ndi shuga. Switi yokhalitsa m'tsaya ndiye yoipitsitsa, dzino silipuma. Koma shuga amaboola khoma, ndipo khoma timamata. Amenewa ndiwamata."

Amuna anga ananditembenukira, diso likunena kuti mwamva nokha.

"Nanga akutsogolowa?" anafunsa.

"Amenewo alibe bowo ngakhale limodzi. Onani apa. Fupa logwira dzino liyenera kufika apa, koma lanu latsika mpaka apa. Ameneyo ndi fodya. Iye saboola khoma, amakumba maziko."

"Komatu ndinasiya, adokotala. Ndipo magazi anayamba nditasiya."

"Ndi mmene amachitira. Utsi umafinya timitsempha ta m'nkhama, ndiye nkhama zimadwala mwakachetechete, osatulutsa magazi. Mutasiya, magazi anayambanso kuyenda bwino, matenda n'kuonekera. Anali momwemo kalekale. Mukanapanda kusiya, bwenzi lero tikukamba za mano ambiri."

Kunena zoona, kwa chaka chathunthu ndinkalakalaka munthu wina atanena mawu amenewa pamaso pawo. Ndinali nditakonza kale ndi kaseko komwe. Koma nditawaona atagona pamenepo, kansalu kapepala kali pachifuwa ngati mwana, maso ali pa chithunzi chija, chifundo chinandigwira. Kuloza maswiti anga kunkawapepukira. Tsopano analibenso wina womuloza.

"Komabe maswitinso athandizira, eti adokotala?" ndinatero. "Ine ndi amene ndinkawagulira."

Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Ndikuganiza kuti anadziwa chimene ndinkayesa kuchita.

"Anayi akumbuyowo mutenge, mayi, ngati mukuwafuna. Awiriwa si anu."

Kampope kokoka malovu kankalira pambali. Amuna anga anakhudza mano aja ndi nsonga ya lilime.

"Ndiimbanso?"

"Lakumanjali ndiyesetsa kulipulumutsa. Titsuka pansi pa nkhama, tione ngati ligwire. Lakumanzereli lapita, tizula sabata yamawa. Miyezi inayi lipenga lisafike pakamwa. Kenako tiika dzino loikirira."

"Ndi loikirira munthu amaimba?"

"Ena amaimba. Sindikulonjezani."

Titafika kunyumba, amuna anga anakhala pampando wa pabalaza nsapato zili kumapazi. Ndinawafulira tiyi wopanda shuga, iwo n'kumwa osadandaula, zimene zinandiopsa kuposa magazi aja.

"Munkanena, mayi," anatero kenako.

"Sindinanene za mano ine. Ndinkanena za makatani kununkha."

Anamwetulira pang'ono, atatseka milomo.

Dzuwa litapendeka, nthawi imene amayeserera nyimbo tsiku lililonse, kunamveka kugogoda. Anali aneba athu, bambo wopuma pa ntchito amene kwa zaka khumi ndi ziwiri wakhala akumenya khoma ndi ndodo ya tsache lipenga likangoyamba. Anaima pakhomo, akusuzumira m'nyumba.

"Pepani, mayi," anatero motsitsa mawu. "Folo koloko yakwana kalekale, koma kuli chete. Bambo ali bwino?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma amuna anga anayankha okha ali pampando pomwepo.

"Musataye tsachelo, achimwene. Mundipatse miyezi inayi."